Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Asilikali a Malawi: za msilikali wopuma amene akufuna uphungu

Wolemekezeka Bwana General,

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinagwira choko zaka 34, mfuti sindinaigwirepo. Chandilimbitsa mtima kuti ndikulembereni poyera ndi funso limene mayi wina wachikulire anandifunsa pamaliro mwezi wathawu, ine n'kusowa choyankha.

Kudera kwathu kuno kwatulukira bambo wina amene akufuna kudzatiimira ku Nyumba ya Malamulo. Ndi mwana wa konkuno, makolo ake anagona m'manda a m'mudzi mwathu momwemuno, koma iye wakhala kutali zaka zambiri chifukwa anali msilikali. Dzina lake sinditchula, pakuti nkhaniyi si ya iye yekha. Pamaliro paja, nthawi ya zolankhula itakwana, woyendetsa mwambo anamuitana ndi udindo wake wa kuusilikali, ndipo anyamata atatu amene anabwera naye anaimirira njo n'kumuchitira sawatcha pamaso pa anamfedwa. Kumbuyo kwa siwa manong'onong'o anayamba. Ena akuti anakamenya nkhondo ku Congo. Ena akuti zaka zake zonse anathera mu ofesi yowerengera malipiro. Enanso akuti sanapume ayi, anachita kuchotsedwa. Ndipamene mayi uja anandikodola n'kunena kuti, "Aphunzitsi, inu mumawerenga nyuzipepala, zoona zake n'ziti? Munthuyu timupatse voti chifukwa cha usilikaliwo, kapena usilikaliwo tiziuopa?"

Ndisanapite patali, mudziwe kuti m'nyumba mwathu usilikali timaulemekeza. Agogo anga aamuna anali a Keyala, m'gulu la ana a Nyasaland amene anakafika ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mamendulo awo ankawasunga m'kachitini, atawakulunga m'kansalu, ndipo ankawatulutsa mwezi wa November wokha, pamene anzawo ankasonkhana pa nsanja ya chikumbutso ku Zomba. Za kupha anthu sankakamba. Ankakamba za mvula yosakata, za misundu yokakamira m'miyendo, ndi za sajeni wina amene sankadya mpaka ataona kuti aliyense walandira chakudya. Mng'ono wanga naye anavala yunifomu, ndipo anali m'gulu la amene ankalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, kuti mafuta ndi feteleza zifike kuno. Choncho msilikali wopuma akaima patsogolo panga kupempha voti, mtima wanga umayamba wamumvetsera.

Nditabwera kumaliro kuja ndinatsegula buku la malamulo oyendetsera dziko lino. Gawo 51 likunena zomuyenereza munthu kukhala phungu: akhale nzika ya Malawi, akhale atakwanitsa zaka 21, adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingelezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumbayo, ndipo akhale m'kaundula wa ovota. Likutchulanso amene sangaime, ndipo pakati pawo pali msilikali kapena wapolisi amene akadali pa ntchito. Za msilikali wopuma lamulo lilibe mawu. Silikumukweza, silikumutsitsa. Ntchito yoyeza mbiri yake latisiyira ife ovota, ndipo ife sikelo tilibe. Mphunzitsi akafuna uphungu, ana amene anawaphunzitsa alipo, amanena ngati ankabwera m'kalasi ataledzera. Wamalonda timamudziwa ndi ngongole zake. Koma moyo wa msilikali umathera kuseri kwa mpanda wa balaki, kumene munthu wamba saloledwa kusuzumira. Chimene chimatuluka kunja ndi dzina la udindo, nyota za paphewa, ndi mphekesera.

Ine ndimakhulupirira kuti Nyumba ya Malamulo ikufunika anthu amene anavalapo nsapato za usilikali. Pa mipando 229 imene ilipo chiyambire chisankho cha 2025, payenera kukhala ingapo ya anthu otere. Nyumbayo ili ndi komiti yoona za chitetezo, ndipo chaka chilichonse imavomereza ndalama zopita kwa inu. Phungu amene sanalowepo m'balaki akamva mawu oti "chitetezo cha dziko" amangokhala chete, kuopa kufunsa zosayenera. Amene anakhalamo amadziwa funso loyenera: nyumba za asilikali aang'ono zinakonzedwa liti, galimoto zimene zinagulidwa zikuyenda zingati, alawansi ya amene ali kunja ikufika m'manja mwawo yonse kapena ayi.

Taganizirani za Congo. Kuyambira 2013 ana athu akhala akutumizidwa kum'mawa kwa dzikolo pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Mu November 2018, pafupi ndi Beni, tinataya asilikali 6 pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anabwerera m'moto wa zipolopolo kukakoka msilikali wa ku Tanzania wovulala, n'kumupulumutsa, iye n'kutsala komweko. Chaka chotsatira bungwe la United Nations linamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri umene limapereka kwa osungitsa mtendere olimba mtima. Mu January 2025 tinatayanso atatu pamene zigawenga za M23 zinkayandikira mzinda wa Goma. Maliro amenewa amafika m'midzi yathu m'mabokosi okutidwa ndi mbendera, malipenga amalira, akuluakulu amalankhula, kenako galimoto zimabwerera ku Lilongwe. Amasiye amatsala. Ndikufuna m'Nyumbamo mukhale munthu amene anagonapo m'dzenje ku North Kivu, kuti nduna ikadzaima kunena kuti zonse zili bwino, iye adzathe kufunsa kuti ana aja anapita ndi zida zotani, wovulala amatengedwa ndi chiyani, ndipo ana a womwalira adzaphunzira ndi ndalama za yani.

N'chimodzimodzi ndi ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024, n'kutenga moyo wa Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Sindikuloza munthu chala. Ndikungonena kuti mafunso a kakonzedwe ka ndege, a zipangizo zofufuzira ikasowa, a ndalama zogulira zatsopano, ndi mafunso amene phungu wodziwa ntchitoyo akhoza kuwafunsa ngozi isanachitike. Ndipo amene anaona asilikali akukumba matope ku Chilobwe ndi ku Mulanje namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023 akudziwa kuti anthu amenewa amadziwa kuyendetsa chakudya, mabwato ndi anthu pamene msewu wadulidwa. Luso limeneli dera lililonse likulifuna.

Komabe mantha a mayi uja sindingawanyoze, chifukwa inenso ndili nawo. Ku balaki lamulo limatsika kuchokera pamwamba, ndipo wamng'ono amayankha kuti "inde bwana" n'kuchita. Ku Nyumba ya Malamulo kulibe nyota. Sipikala akhoza kumukhazika pansi General wopuma, mtsikana wa zaka 25 amene wapambana kudera lina akhoza kumudula mawu, ndipo kumudzi kuno nkhalamba yopanda nsapato ikhoza kuimirira pamsonkhano n'kumuuza kuti wanama za mjigo. Munthu amene wakhala zaka 30 osatsutsidwa ndi wamng'ono kwa iye ayenera kuphunzira mwatsopano kumeza mawu otere osakwiya. Ena amatha, ena satha. Ku Zambia, General Godfrey Miyanda ndi General Christon Tembo anavula yunifomu, analowa chipani cha MMD, anakhala nduna, mpaka aliyense pa nthawi yake anafika pa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndipo pamene mtsogoleri wa dzikolo Frederick Chiluba anafuna kuimanso kachitatu mu 2001, onse awiri anali m'gulu la omukaniza. Ku Zimbabwe tinaona zina mu November 2017: akasinja m'misewu ya Harare, Robert Mugabe n'kutula pansi udindo, ndipo mwezi wotsatira mkulu wa asilikali, General Constantino Chiwenga, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri, thukuta la m'yunifomu lisanaume. Onsewa anali asilikali olowa ndale, koma analowera makomo osiyana.

Ife amsinkhu wanga tilinso ndi chipsera chathu. Tikukumbuka Apayoniya ataima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani, munthu osaloledwa kugula mchere kapena kukwera basi popanda kuonetsa. Tinaphunzira ndi thupi lathu kuti nsapato zazikulu zikaphatikana ndi nsalu ya chipani, wamba amalira. Amene anatichotsera goli limenelo ndi asilikali anu. Mu December 1993, Apayoniya atapha asilikali ku Mzuzu, kunayamba Operation Bwezani, zida zinalandidwa, ambiri anathawira ku Mozambique. Chimene ndimauza ana mpaka lero n'chakuti nthawi imeneyo Kamuzu anali wodwala, boma linali lofooka, asilikali akanatha kutenga dziko mosavuta, koma anabwerera ku balaki, ndipo pa 17 May 1994 tinakavota.

Munachitanso chimodzimodzi mu April 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira mwadzidzidzi, pamene ena ankafunafuna njira yolambalala malamulo. General Henry Odillo anaima pa zimene lamulo likunena, ndipo Mayi Joyce Banda analumbira pa 7 April. Mu 2019 ndi 2020, misewu itadzaza ndi zionetsero zotsutsa chisankho cha tipeksi, asilikali motsogozedwa ndi General Vincent Nundwe ankayenda m'mbali mwa anthu, kuwateteza, mpaka khoti linafafaniza chisankhocho pa 3 February 2020 ndipo tinakavotanso pa 23 June. M'maiko ambiri a mu Africa anthu akaona galimoto ya asilikali amathawira m'nyumba. Kuno amayi amalulutira. Ulemu umenewu sunagulidwe ndi munthu mmodzi. Unaunjikidwa ndi asilikali zikwizikwi, ambiri a iwo makopolo ndi masajeni osadziwika maina, chifukwa chokana kukhala a chipani. Ndiye msilikali wopuma akabwera pamaliro ndi anyamata omuchitira sawatcha kuti akope mavoti, akutapa m'nkhokwe ya mtundu wonse kukaphikira alendo ake.

Pempho langa lalikulu ndi ili, Bwana General. Tipatseni njira yodziwira mbiri yoona ya msilikali wopuma amene akufuna udindo wosankhidwa ndi anthu. Sindikupempha zinsinsi za nkhondo, kapena mafayilo a kuchipatala, kapena nkhani za m'banja mwake. Ndikupempha pepala limodzi, lolembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'chilankhulo china chimene anthu a dera lakelo amamva, lonena chaka chimene analowa, chaka chimene anatuluka, udindo umene anatuluka nawo, mtundu wa ntchito imene ankagwira, maiko amene anatumidwako, ndiponso ngati anapuma mwaulemu kapena anachotsedwa. Mwini wake ndiye azilipempha, ndipo iye mwini azisankha kulionetsa kapena ayi. Wokana kulionetsa, ife tidzadziwa tokha chochita naye. Pakhale ofesi imene mtolankhani kapena mfumu ingafunseko kuti pepala ili ndi lenileni kodi, n'kuyankhidwa mwachangu.

Pepala lotere lidzateteza wolungama koposa. Ngati bambo wa kwathuyu anakhaladi ku Congo, n'chifukwa chiyani mbiri yake iziipitsidwa ndi opikisana naye kuseri kwa siwa? Ndipo ngati anathera zaka zake mu ofesi ya malipiro, palibe chamanyazi. Kunena zoona, munthu amene anawerengera malipiro a bataliyoni yonse kwa zaka 20 osasowetsa tambala ndingamukhulupirire ndi bajeti ya dziko kuposa katswiri wowombera. Vuto limabwera pamene wa mu ofesi akudzitcha ngwazi ya kunkhondo, chifukwa pamenepo akuba ulemu wa Chitete ndi anzake, ndipo wayamba kutinamiza tisanamusankhe n'komwe.

Chachiwiri n'chakuti yunifomu, mabaji, malipenga ndi sawatcha zisafike pamsonkhano wa ndale. Mamendulo ndi ake, anawagwirira ntchito, awavale mu November pa tsiku lokumbukira anzake. Dzina la udindo naloso ndi lake, bola azinena poyera kuti ndi wopuma. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anyamata aja. Wamkulu akapuma amasiya m'balaki ana ake, amene anawaphunzitsa, amene anawakweza, ndipo foni imodzi ndi yokwanira kuti awiri atatu atenge tchuthi, avale zawamba, adzamuperekeze pa kampeni. Mwina amachita mwaulemu chabe, koma anthu akumudzi amamudziwa msilikali ndi kayendedwe, ndipo wofuna kufunsa funso lovuta amabweza dzanja pansi. Lankhulani momveka, poyera, pa wailesi, kuti msilikali amene akadali pa ntchito akapezeka pa kampeni ya aliyense adzalangidwa, ndipo mutiuze kumene tingakanene. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Wofuna ndale atuluke m'balaki ndi miyendo yonse.

Pa akuluakulu a pamwamba penipeni, monga inu amene, ndikanakonda pakanakhala mwambo wodikira zaka zingapo munthu asanavale makaka a chipani. Kukhazikitsa lamulo lotere ndi ntchito ya aphungu, koma mwambo ukhoza kuyamba ndi inu. Mkulu wa asilikali akapuma lero, mawa n'kupezeka pa nsanja ya chipani, anthu amayamba kubwerera m'mbuyo kufunsa ngati zonse zimene anachita ali pa udindo sizinali zokonzera mpando umenewu.

Pali gulu lina limene ndikuopa kuti tingaliiwale. Tikamakamba za msilikali wofuna uphungu, m'maganizo mumabwera wa nyota zambiri, wa galimoto yaikulu, amene angathe kugula mabokosi a maliro ndi kunyamula odwala, zimene anthu amayembekezera kwa phungu ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti. Koma amene amadziwa kuwawa kwa usilikali ndi sajeni wopuma amene akulima fodya ku Kasungu kapena akulondera sitolo usiku mu Limbe. Iyeyo ndiye akudziwa kuti penshoni imatha pa tsiku lachingati la mwezi. Agogo anga anamwalira kandalama kawo kasakukwanira thumba la feteleza, ndipo m'Nyumba ya Malamulo munalibe mnzawo wa m'dzenje wowalankhulira. Anthu otere amagwa mphwayi ndi Chingelezi cha gawo 51 ndi mapepala a chisankho. Muli ndi sukulu ya MAFCO ku Salima, kumene mumasandutsa mnyamata wa kumudzi kukhala msilikali m'miyezi yowerengeka. Kodi simungapatule milungu ingapo kumapeto kwa utumiki wake, kumuphunzitsa kubwerera ku moyo wa wamba: momwe khonsolo imayendera, momwe bilu imasandukira lamulo, kusiyana kwa ntchito ya khansala ndi ya phungu, ndi momwe munthu amatsutsidwira pagulu osatukwana? Bungwe la asilikali akale la VELOM likhoza kuthandizapo, pakuti ndi limene limawadziwa kumene ali. Amene angafune ndale ayambire pa ukhansala kapena pa komiti ya sukulu, timuone akugwira ntchito ndi anthu amene sangawalamule.

Ndikudziwa kuti ena adzati kalata iyi ndikanalembera bungwe loyendetsa zisankho la MEC kapena Sipikala. MEC imaona ngati mapepala ali m'malo mwake, siyeza mbiri ya munthu, ndipo Sipikala amalandira amene tamutumizira. Mbiri ya msilikali ili m'manja mwanu, yunifomu ndi yanu, ndipo anyamata aja amamvera inu.

Kunena za bambo wa kwathuyu, sindinaganize panobe ngati ndidzamuvotere. Ndinamuona akunyamula nawo bokosi mpaka kumanda osadikira kuuzidwa, ndipo ndinamuonanso nkhope itasintha pamene mnyamata wina anamuitana dzina lake la ubwana. Ndikufuna ndidzamufunse pamsonkhano, pamaso pa mfumu, kuti anatuluka bwanji ku usilikali, kuti ndi liti pamene anavomerapo kuti walakwa pamaso pa wamng'ono kwa iye, ndiponso kuti akadzakhala m'komiti yoona za chitetezo adzatha kodi kufunsa mafunso owawa kwa anzake akale, kuphatikizapo inu. Ndikufuna ndidzafunse popanda anyamata atatu kundiyang'ana m'maso.

Mayi uja ndidzakumana naye Lamulungu ku tchalitchi, ndipo adzandifunsanso. Ndidzamuuza kuti ndalembera eni ake a usilikali, ndipo tikudikira yankho.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma, mdzukulu wa msilikali wa Keyala